Kudzutsa PSP yogona m'kabati: malangizo a pang'onopang'ono

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yokonza mafoni kufupi ndi msika wa pa Kamuzu Road kuno ku Salima, koma mwezi sutha osabwera munthu ndi PSP, makina a m'manja osewerera magemu aja, ataikulunga m'kansalu kapena m'jumbo. Wina waitola pa kaunjika, wina anamutumizira mbale wake wa ku Joni, wina waifukula pansi pa sutikesi ya achimwene ake amene anasiya kalekale za magemu. Madandaulo amakhala omwewo. Ikuyaka, koma chimbale cha gemu chikungolira kwee kwee osawerengedwa. Kapena chimbale n'chimodzi chokhacho, mwana wachisewera mpaka chamukola, ndipo china alibe koti angachipeze.

Kachipangizo kameneka sikoyenera kutayidwa. Kampani ya Sony inakatulutsa ku Japan mu Disembala 2004 n'kusiya kukapanga mu 2014, koma kanapangidwa molimba, ndipo ambiri mwa amene amafika pa benchi yanga amakhala adakali ndi moyo. Mukakaika pulogalamu imene amaitcha custom firmware, kamayamba kuwerenga magemu kuchokera pa memore, chimbale osafunikanso. Anyamata ena amati kuihaka, ena amati kuifulasha monga timanenera pa mafoni. Ntchitoyi inatchuka ndi mnyamata wina wa ku Spain wodziwika ndi dzina loti Dark_AleX, amene anatulutsa mapulogalamu a OE ndi M33 cha m'ma 2006 ndi 2007. Kenako kunabwera PRO ndi ME, ndipo lero imene ndimagwiritsa ntchito ndi ARK-4. Yonseyi ndi yaulere, anailemba anthu ongodzipereka.

Ndinene pachiyambi pomwe kuti kuika pulogalamuyo sikutenga ngakhale mphindi khumi, mwana wa Fomu 1 akhoza kuchita. Ma PSP amene ndawaona atafa kuno kwathu anaphedwa ndi batire loola, memore yabodza, magetsi kuthima ntchito ili pakati, ndiponso mchenga wa kunyanja. N'chifukwa chake ndikhalitsa pa zokonzekera, ndipo chonde musalumphe kuthamangira kumapeto.

Choyamba, dziwani kuti muli ndi iti

Yang'anani kapepala kamene kali m'munsi mwake, kapena tsegulani chivundikiro cha batire muwerenge mkatimo. PSP-1000 ndi ija yonenepa, yolemera m'manja. PSP-2000 inatuluka mu 2007, ndi yopyapyala, ndipo ili ndi RAM ya 64 MB pamene yoyambayo ili ndi 32 MB. PSP-3000 ya 2008 imafanana nayo, koma muiona ndi batani la chizindikiro cha PS pamalo pamene zinazo panalembedwa HOME. Pali PSP Go ya 2009, imene sikirini yake imatsetsereka kupita m'mwamba ndipo ilibe malo a chimbale, komanso E1000 ya 2011, imene ambiri amaitcha Street, yopanda Wi-Fi.

Nambala yotsiriza imanena dziko limene inagulitsidwa: 3004 ndi ya ku Ulaya, 3003 ya ku Britain, 3001 ya ku America, 3000 yeniyeni ya ku Japan. Magemu sasankha dziko, choncho musadandaule. Chokhacho, pa za ku Japan batani la O ndiye lovomereza ndipo X ndi lobwerera, mosiyana ndi zinazo. Pamene ndalemba kuti dinani X, eni PSP ya ku Japan muzidina O.

Tsopano iyatseni, pitani pa Settings, kenako System Settings, kenako System Information. Lembani penapake nambala imene ili pa System Software. Ikakhala 6.60 kapena 6.61 yokhayokha, muli pabwino. Ikakhala yocheperapo, tiikweza. Mukaona zilembo monga M33, GEN, PRO kapena ME pambali pa nambalayo, ndiye kuti wina anaigwirapo kale, ndipo mwina magemu a pa memore ikuwerenga kale, yesani musanakhudze kanthu.

Apa ndiikepo kanthu kamodzi kamene kamabweretsa anthu kwa ine pachabe. Kabatani koyatsira ka kumanja mukakakankhira pansi kamakhala pa HOLD, ndipo mabatani onse amasiya kugwira. Bambo wina anapalasa njinga kuchokera ku Khombedza ndi PSP ya mwana wake akuti yauma mabatani. Ndinangokabweza kabataniko pakati, iwo n'kugwira pakamwa. Yambani mwayang'ana pamenepo.

Chachiwiri, batire

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mabatire enieni a PSP ali ndi zaka zoposa khumi tsopano, ndipo kutentha kwa kuno m'mbali mwa nyanja mu Okutobala ndi Novembala sikuwachitira chifundo. Tulutsani batire muliike pa tebulo losalala, mulizunguze ndi chala. Likazungulira ngati nguli ndiye kuti lafufuma pamimba, latha ntchito. Chizindikiro china ndi chivundikiro chimene chikukana kutsekeka bwino. Batire lotere musalibwezeremo, musaliboole ndi singano kuti liphwe monga ena amachitira, ndipo musaliponye kudzala kumene mumatentha zinyalala, chifukwa limaphulika ndi moto woopsa. Liikeni m'chitini pamthunzi, kutali ndi ana, mukalisiye kwa okonza mafoni.

Batire la PSP-1000 ndi la 1800 mAh, la 2000 ndi 3000 ndi la 1200 mAh, onse a 3.6V. Atsopano amene amapezeka masiku ano ambiri si a Sony, ndipo amalembedwa manambala akuluakulu oposa zimene angathe. Musakhulupirire cholembedwacho, liyeseni. Litchajeni lidzaze, chotsani tchaja, sewerani kapena onerani vidiyo kwa ola lathunthu, kenako pitani pa System Settings, Battery Information muone latsala bwanji. Batire labwino limatsika pang'onopang'ono. Loipa limaonetsa kuti ladzaza, kenako PSP imangothima mwadzidzidzi. Limeneli ndi loopsa kuposa lakufa, chifukwa limakunamizani.

Anzanga okonza mafoni amadziwa njira yosintha selo la mkati. Batire la PSP lili ndi kabodi kakang'ono kamene kamalankhulana ndi makinawo kudzera pa phini ya pakati, ndipo popanda kabodi kameneka PSP siilandira batire. Choncho timang'amba chikhokhombe cha batire lakale mosamala motsatira msoko, kuchotsa selo lakufa, kusunga kabodiko, n'kulumikizapo selo latsopano la 3.7V lokwana m'malomo, titayeza ndi mita kuti tisasemphanitse mbali. Zimagwira bwino kwambiri, nthawi zambiri kuposa batire logula. Koma ngati simunagwirepo chowotcherera, iyi si ntchito yophunzirirapo. Mpeni ukangolowa m'selo, moto. Perekani kwa amisiri. Za Go ndi Street batire lake lili mkati, kulifikira mpaka mutamasula, nazonso perekani kwa amisiri.

Tchaja ndi ya 5V, ya kaphini kozungulira, kupatula ya PSP Go imene ili ndi chingwe chakechake. Vuto ndi loti m'nyumba zathu muli matchaja a wailesi, a tochi ndi a zipangizo zina okhala ndi kaphini kofanana koma a 9V kapena 12V. Kulowa kwa phini sikutanthauza kuti ndi yake. Werengani pa tchajapo, pakapanda kulembedwa 5V musayerekeze. Chinthu chimene ndimauza aliyense kuti agule ndi kachingwe ka USB mbali imodzi, kaphini ka PSP mbali inayo. Ndi kameneka mukhoza kuitchaja pa power bank kapena pa sola, ndipo muona posachedwa chifukwa chimene ndikukakondera.

Chachitatu, memore

PSP imagwiritsa ntchito memore ya mtundu wa Sony yotchedwa Memory Stick Pro Duo. Zenizeni n'zosowa ndipo zambiri n'zazing'ono. Njira yabwino ndi kugula adaputa imene mumalowetsamo microSD ya mufoni, iyo n'kulowa mu PSP ngati Pro Duo. Alipo ma adaputa a makadi awiri, koma ine sindiwakonda: pulasitiki yake ndi yofewa, ndipo khadi limodzi likangosuntha zonse zasokonekera. Tengani ya khadi limodzi. Kuno ku boma sapezeka kawirikawiri, ndiye mukamva kuti wina akukwera ya ku Lilongwe mutumeni, agule awiri.

Khadi la 32 GB ndi lokwanira. Chimbale cha PSP, chotchedwa UMD, chimasunga zosapitirira 1.8 GB, ndipo magemu ambiri safika pamenepo, ndiye kuti pa khadi lotere pakwana magemu oposa makumi awiri. Khadi lalikulu kwambiri limangochedwetsa mndandanda wa magemu kutseguka.

Makadi abodza ndiye adzaza m'misika. Kunja kwalembedwa 64 GB, foni nayo ikuonetsa 64 GB, koma mkati muli malo ochepa, ndipo mukadutsa malirewo zatsopano zimafufuta zakale mwakachetechete. Ngati muli ndi kompyuta ya Windows, pulogalamu ya H2testw imalemba khadi lonse n'kuliwerenganso, ikuuzani zoona zake. Ngati mulibe, pitani kwa anyamata obena nyimbo akudzazireni khadilo ndi mafilimu mpaka pakamwa, kenako tsegulani filimu yoyamba, ya pakati ndi yotsiriza. Ikakana ngakhale imodzi, bwezani khadilo kwa wogulitsa tsiku lomwelo.

Khadi likapambana mayeso, lilowetseni mu adaputa, adaputa mu PSP, pitani pa System Settings musankhe Format Memory Stick. Fomatani mu PSP momwemo, osati pa foni, chifukwa PSP imafuna FAT32 ndipo exFAT imene makadi akuluakulu amabwera nayo siiwerenga. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye ngati munali zithunzi za ukwati yambani mwazisamutsa. PSP ikamaliza imadzipangira yokha foda ya PSP, m'kati mwake muli GAME ndi SAVEDATA. Mafoda awiriwa ndi amene tigwire nawo ntchito. Eni PSP Go izi sizikukukhudzani kwenikweni, chifukwa yanu ili ndi 16 GB mkati.

Kompyuta si yokakamiza. Ambiri amene ndimawathandiza amachitira pa foni ya Android: kuchotsa microSD mu adaputa, kuiika mufoni, n'kusamutsa mafayilo ndi pulogalamu ngati ZArchiver, imenenso imamasula mafayilo a zip. Foni ikakufunsani ngati mukufuna kuti khadilo likhale gawo la memore yake ya mkati, kanani. Mukavomera, PSP siliwerenganso mpaka mutafomata kachiwiri. Amene muli ndi kompyuta, lumikizani ndi chingwe cha mini-USB, chija chokulirapo cha makamera akale (PSP Go ili ndi chingwe chakechake), musankhe USB Connection pa Settings.

Chachinayi, kukweza kufika pa 6.61

Ngati yanu ili kale pa 6.60 kapena 6.61, dutsani gawo lino. Enanu mvetserani bwino, pakuti pano ndi pamene PSP ingafe.

6.61 ndi pulogalamu yotsiriza imene Sony inatulutsa, mu Januwale 2015. Ndi fayilo imodzi yotchedwa EBOOT.PBP, ya pafupifupi 31 MB, bandulo yaing'ono ikukwanirani. PSP Go ili ndi fayilo yakeyake, musasakanize. Mukadawuniloda onani kukula kwake, chifukwa netiweki ikadukiza fayilo imatha kubwera yoperewera. M'kati mwa foda ya GAME pangani foda ina muitche UPDATE, m'zilembo zazikulu, muikemo fayiloyo. Dzina lake likhale EBOOT.PBP ndendende. Foni ikaonjezerapo nambala chifukwa munadawuniloda kawiri, konzani dzinalo.

Musanadine kanthu, batire likhale lodzaza, lomwe munaliyesa lija, ndipo PSP ikhale yolumikizidwa ku power bank yodzaza. Ndikunena power bank osati soketi ya pakhoma, ndipo ndili ndi chifukwa.

Chaka china m'nyengo yotentha mayi wina wa ku Senga Bay, wogulitsa usipa, anabwera ndi PSP-3004 imene anagulira mwana wake wamwamuna atakhoza mayeso a Sitandade 8. Batire linkaonetsa kuti ladzaza, ine osaliyesa, n'kulumikiza pakhoma, n'kuyamba kukweza. Mzere uli chapakati magetsi anathima, ndipo batire lija silinapirire ngakhale kamphindi. Magetsi atabwera ndinayatsa: kagetsi kobiriwira kayaka, sikirini bii, pakapita masekondi angapo kagetsiko n'kuthima. Ndinayesa kambirimbiri. Mayi aja atabwera madzulo, beseni lili pamutu, anangoti, "Achimwene, ndikamuuza chiyani mwanayu?" Funso limenelo silinandichoke mpaka lero. Ndinawapezera ina ndi ndalama zanga, koma panatenga milungu, ndipo cholakwa chinali changa.

Chimene chinachitika n'chakuti pokweza, PSP imafufuta pulogalamu yakale mu memore yake ya mkati n'kumalemba yatsopano. Moto ukaduka pakati imatsala yopanda yakale, yopandanso yatsopano, ndipo siidziwa poyambira. Pa PSP-1000 ndi ma 2000 oyambirira pali njira yoidzutsira ndi batire lapadera lotchedwa Pandora, limene linatulukira mu 2007, koma batire limenelo silithandiza pa 3000. Za 3000 zimafuna zipangizo zina zoti munthu achite kulumikiza yekha, zimene simungazipeze pa msika uliwonse.

Mukakonzeka, pitani pa Game, kenako Memory Stick, muona chizindikiro cha update ya 6.61. Dinani X, vomerezani zimene ikufunsa, kenako ikani PSP pa tebulo muchotsepo manja. Musaipatse mwana kuti agwirizire, musakoke chingwe kuti mutchajeko foni. Batire likakhala lotsika imakana yokha kuyamba, ndipo ikakana musafune njira yoizembera. Ikamaliza ikuuzani kudina batani kuti iyakenso. Onani pa System Information kuti palembedwa 6.61, kenako fufutani foda ya UPDATE.

Ngati yanu inali ndi custom firmware yakale ndipo ikukana kukwera, pali pulogalamu yotchedwa Chronoswitch imene imaikanso ya Sony mwaukhondo. Malamulo a batire ndi power bank ndi omwewo.

Chachisanu, kuika ARK-4

Fufuzani ARK-4 pa tsamba la intaneti la GitHub, pansi pa gulu la PSP-Archive, mutenge fayilo ya zip yatsopano. Tengani kumeneko basi, osati pa masamba odzaza ndi zotsatsa malonda. Mukaimasula mupeza mafoda ambiri, koma panopa mukufuna awiri okha. Foda ya ARK_01234 ikopereni yonse m'kati mwa SAVEDATA. Foda ya ARK_Loader ikopereni yonse m'kati mwa GAME. Ambiri amalakwitsa posemphanitsa awiriwa, kapena kuika foda m'kati mwa foda ina ya dzina lomwelo. Mukaona mawu oti Corrupted Data pa PSP, nthawi zambiri vuto ndi limeneli, bwererani mukaone mmene mwaikira.

Bwezerani memore, pitani pa Game, Memory Stick, sankhani ARK Loader, dinani X. Sikirini ida pang'ono, padutsa timalemba, kenako PSP ibwerera pa menyu ya masiku onse ngati palibe chachitika. Pitani pa System Information, muona dzina la ARK. Dinani SELECT muli pa menyu, patuluka kamndandanda katsopano kotchedwa VSH menu. Basi, mwamaliza.

Mmene taikiramu ndi mongoyembekezera. ARK ikukhala mu RAM, siinakhudze pulogalamu ya Sony, n'chifukwa chake gawo lino silingaphe makina. Mukakankha koyatsira m'mwamba kamodzi n'kusiya, PSP imangogona, ndipo ikadzuka ARK ilipobe. Mukakagwira m'mwamba masekondi atatu mpaka ithimiretu, kapena batire likatha, ARK imachoka, ndipo muyenera kutsegulanso ARK Loader. Ndi ntchito ya masekondi ochepa.

Chenjezani ana za foda ya ARK_01234. Imaoneka pa Saved Data Utility pamodzi ndi ma save a magemu, ndipo mwana akamafuna malo amaifufuta poyesa kuti ndi gemu imene saidziwa. Sungani kope lake mufoni mwanu.

Chachisanu ndi chimodzi, magemu

Pangani foda yotchedwa ISO pamwamba penipeni pa memore, pambali pa foda ya PSP, osati m'kati mwake. Magemu a PSP amakhala mafayilo othera ndi .iso kapena .cso, ndipo mukawaika mmenemo amaoneka pa Game, Memory Stick. CSO ndi ISO yopanikizidwa kuti ichepe. Imasunga malo, koma magemu amene amawerenga zinthu nthawi zonse mukuyenda, monga a GTA, amatha kumadodoma. Amenewo asiyeni pa ISO.

Ngati muli ndi zimbale ndipo makina akuwerengabe, zikopereni lero, makinawo asanatope. Ikani chimbale, tsegulani VSH menu, pezani pamene palembedwa USB Device musinthe kuchoka pa Memory Stick kupita pa UMD Disc, kenako lumikizani ku kompyuta. M'malo mwa memore muona fayilo imodzi ya ISO. Ikopereni pa kompyuta, ipatseni dzina la gemuyo, bwezerani USB Device pa Memory Stick, muiike mu foda ya ISO. Muona kusiyana nthawi yomweyo: gemu ikutseguka msanga, phokoso lija latha, ndipo batire likukhalitsa chifukwa kamota kozunguza chimbale kapuma.

PSP imaseweranso magemu a PlayStation yoyamba, chifukwa Sony inaika kale luso limeneli mkati. Amenewa amakhala EBOOT.PBP, iliyonse mu foda yakeyake m'kati mwa GAME. Palinso ma emulator, mapulogalamu osewerera magemu a makina akale: NesterJ ya magemu a NES, PicoDrive ya Mega Drive, Snes9xTYL ya Super Nintendo, gpSP ya Game Boy Advance. Onsewa amalowa mu GAME. Liwiro la purosesa mukhoza kulisintha mu VSH menu. La masiku onse ndi 222 MHz, lalikulu ndi 333 MHz. Ma emulator amayenda bwino pa 333, koma batire limatha msanga ndipo makina amatentherapo, choncho masana a Okutobala musalikweze popanda chifukwa.

Za malamulo ndisazibise. Kusintha makina anu amene munagula ndi kukopera chimbale chanu kuti chisakalike ndi nkhani ina, kudzaza ma memore ndi magemu a eni n'kumagulitsa ndi nkhani inanso. Dziko lino lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016 loteteza ntchito za anthu, ndipo bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha zomwezi. Ine ndimalipiritsa ntchito ya manja anga ndi zipangizo, magemu sindigulitsa. Komanso dziwani kuti gemu ya PSP siibwera ngati .exe kapena .apk. Tsamba likakupatsani fayilo yotero likunena kuti ndi gemu, ndi vairasi yofuna kulowa mufoni kapena mu kompyuta yanu.

Chachisanu ndi chiwiri, kuikhazikitsa

Mukatopa ndi kutsegula ARK Loader nthawi zonse, mu zip muja muli foda ya ARK_cIPL. Mukaiika mu GAME n'kuitsegula, imalemba kagawo kamene PSP imayamba kuwerenga ikangoyaka, ndipo kuyambira pamenepo ARK imabwera yokha. Malangizo anga ndi oti mudikire sabata imodzi mukugwiritsa ntchito yongoyembekezera ija, muone ngati batire ndi memore zili zokhulupirika. Pochita, bwererani ku malamulo a gawo lachinayi: batire lodzaza, power bank, manja kutali. Ngati batire lanu ndi lokayikitsa, isiyeni yongoyembekezera, simukutaya kanthu.

Chenjezo lalikulu ndi ili. M'mavidiyo akale a pa YouTube muona anthu akugwiritsa ntchito CIPL_Flasher imene imabwera ndi PRO. Imeneyo inapangidwira PSP-1000 ndi ma 2000 oyambirira okha. Ya ARK-4 yatsopano ndi imene inakonzedwa kuti igwire pa mitundu yonse. Musasakanize mafayilo a PRO ndi a ARK pa makina amodzi, ndipo vidiyo ikakhala ya zaka khumi zapitazo musaitsatire.

Mchenga, mabatani ndi sikirini

PSP imene yakhalako ku Senga Bay kapena ku Chipoka ndimaizindikira ndi khutu. Ukasuntha kanalogi, kabatani kozungulira koyendetsera munthu mu gemu kaja, kumamveka tsekeretsekere, ndipo mu gemu munthu amangoyenda yekha kulowera mbali imodzi iwe usanagwire. Nthawi zambiri ndi mchenga ndi thukuta, si kuwonongeka.

Chotsani batire ndi memore. Yalani nsalu yoyera pa tebulo, mutenge sikurudiraiva yaing'ono ya nyenyezi, ija ya mafoni. Masikuluwo ndi osiyana kutalika, ndiye jambulani PSP pa pepala muziika sikuluwu iliyonse pamalo pamene yachokera. Ena abisala pansi pa kapepala ka m'malo a batire. Chivundikiro cha kutsogolo chikakana kutuluka musachikanule ndi mphamvu, pali sikuluwu imene mwaiiwala. Chikatseguka, chotsani mabatani ndi timphira take, muzitsuke m'madzi a sopo, ziume kotheratu pamthunzi. Pa bodi ndi pa kanalogi gwiritsani ntchito mswachi wofewa wouma, kenako kathonje konyowetsa pang'ono ndi spiriti ya isopropyl, imene okonza mafoni amakhala nayo. Madzi, palafini kapena mafuta ophikira asayandikire. Timaliboni topyapyala tolumikiza zinthu tili ndi tizitseko take, tsegulani kachitseko kaye ndi chikhadabo musanakoke, chifukwa kakathyoka ntchito yakula.

Kanalogi kakapitiriza kuyenda kokha mutatsuka, kasintheni, kamagulitsidwa pakokha. Sikirini ndi ya mainchesi 4.3 pa 1000, 2000 ndi 3000, koma malumikizidwe ake ndi osiyana, ndiye poitanitsa tchulani nambala ya makina anu. Musanatseke, puputani fumbi la pa sikirini ndi kansalu ka magalasi. Kachitsotso kamodzi kakatsalira mkati muzikaona tsiku lililonse.

Kusewera awiri popanda bandulo

Anthu ambiri sadziwa kuti ma PSP awiri amalumikizana okha popanda intaneti, popanda mayunitsi. Amati ad hoc. Pa 1000 kabatani ka WLAN kali kumanzere, pa 2000 ndi 3000 kali pamwamba. Nonse awiri yatsani, khalani moyandikana, tsegulani gemu imodzimodzi ya dera limodzimodzi, wina ayambitse mpikisano winayo alowe. Mpira wa PES 2014 kapena FIFA 14, amene anali otsiriza a mitundu yawo kutuluka pa PSP, ndiponso nkhonya za Tekken 6, ndi amene anyamata amasonkhanira pa khonde la shopu yanga magetsi akathima. Street siingathe chifukwa ilibe Wi-Fi. Mukamaliza thimitsani WLAN, imadya batire.

Kamodzi pa mwezi koperani foda yonse ya SAVEDATA mufoni, kuti memore ikadzafa ligi ya mwana isadzafere limodzi. Nyengo ya mwera, fumbi likamauluka, isungeni m'sokosi yoyera kapena m'kathumba kotseka, ndipo musaisiye pa dashibodi ya minibasi kapena pawindo pamene dzuwa likuomba. Ngati mwana akubwerera kusukulu yogonera komweko ndipo PSP ikhala teremu yonse osagwira ntchito, tchajani batire lifike chapakati, mulichotsemo, mulisunge padera pamalo ozizira.